Chingamu cha pa Gudumu la Mbeta

Fungo linayamba Lolemba. Aphunzitsi a masamu aja ana asukulu anawatcha Mayi Sopo, chifukwa amapukuta ngakhale choko asanalembere pa bolodi, anatsegula chitseko cha kuseri ali ndi kapu ya tiyi m'manja ndiye fungo linangowamenya mbama phaa! Thanki ya chimbudzi inali itadzaza. Osati kudzaza kwaulemu ayi, kudzaza kochita kutukula chivindikiro, timadzi takuda tikuyenda pang'onopang'ono kulowera ku chingwe choyanika zovala ngati tatumidwa. Ntchentche zake zobiriwira zija, zonenepa ngati zimadyera ku hotela kkkkk. Tiyi uja anangomukhuthulira pansi. Kapu anaitsuka katatu.

Ndiye tamverani tsoka lake. Mwana wawo wamkazi anali atangobereka kumene dzulo lake, kamwana kakamuna, mdzukulu woyamba weniweni, ndipo amayembekezeka kutuluka m'chipatala Lolemba linalo. Mayi Sopo anali atakonza kale chipinda, makatani atsopano, matewera makumi atatu ochapa ndi kusita. Koma kumbali inayo kunali asewele awo, mayi ake a mkamwini, namwino wopuma ntchito, munthu wovala zoyera ngakhale popita kumsika. Nawonso amamufuna mwanayo kwawo. Tsiku lomwelo anaimba foni.

"Asewele, ndamva zoti kwanuko kuli kamphepo," anatero ndi mawu okoma ngati uchi.

"Kamphepo kanji asewele?"

"Aaa anthu amalankhula. Ine ndibwera Loweruka 2 koloko ndidzangoona. Ndikapeza kuli bwino mwana abwere kwanuko, ine sindilimbana ndi munthu. Koma ndikangomva kafungo ngakhale kakang'ono, khanda limenelo likupita kwanga. Mapapo a mwana si sefa."

Foni thii. Mayi Sopo anakhala pampando nkuyang'ana matewera aja. Mtima unawawa zedi.

Galimoto yopopa zimbudzi inabwera masana omwewo koma inakanika kulowa. Kanjira kofika kunyumba kwawo nkopanikiza, mipanda uku ndi uku, ngakhale wilibala imadutsa mopepesa. Wopopa uja, bambo wamfupi wovala ovolosi yoti sungadziwe kuti poyamba inali ya mtundu wanji, anayeza ndi mapazi kuchoka pamsewu. Mapazi makumi asanu ndi atatu.

"Mayi, payipi yanga siyifika, ndipo ngakhale mutalumikiza ina galimotoyi singakoke patali chonchi. Pezani pampu yokankha kuchokera kumeneko, ine ndizingolandira kuno." Amalankhula uku akudya banzi ndi dzanja lomwelo anagwirira payipi. Lomwelo abale! Mayi Sopo anayang'ana kumwamba kuti asasanze.

Pampu inalipo pakhomopo, yaikulu bwino, yokoka ndi matope omwe. Koma injini yake inali itafa kalekale chifukwa amuna awo anaichotsa ziwalo. Kubwereka kwa aneba? Aliyense akangomva ntchito yake amati yathu yaonongeka dzulo.

Amuna awowo ndi makanika wa malole, koma dera lonse limawadziwa kuti a Pailoti, ngakhale ndege sanaikwerepo chibadwire. Zaka zitatu akhala akupanga injini ya jeti m'shedi kuseri. Anatenga tebo ya lole yakufa, ija imakankhira mphepo mu injini, nkuilumikiza ku botolo lachitsulo la chozimira moto, ndiye m'chozimira motomo ndi mmene mumayaka moto wake kkkk, gasi wake wa m'khitchini. Chinthucho chikalira agalu onse amathawira kunsi kwa bedi. Ntchito yake? Palibe. Kungolira basi ndi kutulutsa mphepo yotentha kumbuyo. Chinaulutsapo kale mapepala a mayeso a kalasi yonse, ndi kuwotcha diresi ya Mayi Sopo ya ku ukwati ili pachingwe.

Madzulo ake a Pailoti analowa m'khitchini akumwetulira ngati awina mpikisano, akutafuna chingamu monga mwa masiku onse, nyamu nyamu nyamu.

"Amayi, nthawi ya injini yanga yakwana."

"Musandiyambe abambo. Lero ayi."

"Tamverani kaye. Mphepo imatuluka kumbuyo ija ndi mphamvu yongotayika. Tikaika gudumu lina lamapiko kutsogolo kwa mphepoyo lizizungulira, shafuti yake nkumazunguza pampu. Gudumu limeneli silimangidwa ku injini ayi, lili palokha, limangomva mphepo basi. Ndi mbeta, silinakwatiwe."

"Ndiye mbeta yanuyo mupange. Mukundiuziranji?"

A Pailoti anakanda m'mutu ndi sipanala. "Masamu ake amayi. Mapiko akhale angati, apendekeke bwanji. Ine ndikangoyerekeza ndi maso zimatuluka ngati fani ya m'basi."

Mayi Sopo anafuna kukana. Koma mphepo inatembenuka nthawi yomweyo, fungo nkulowa pawindo mpaka kukhala nawo patebulo. Anadzuka, kukatenga choyezera makona chachikulu chija cha pa bolodi, nkuvala magolovesi ochapira mbale. M'shedi mwa a Pailoti munthu sulowa ndi manja ako enieni.

M'shedimo eeh. Nsanza za oyilo, makoko a nthochi a chaka chatha, kapu ina yoti inamera ubweya mkati. Ndiye chingamu! A Pailoti ali ndi khalidwe loti chingamu chikatha shuga amachimata paliponse pamene dzanja lafika. Kunsi kwa tebulo, pa chitseko, pa wailesi, kumutu kwa bedi kumene. Zaka makumi awiri ndi zisanu za banja Mayi Sopo akhala akupala chingamu ndi mpeni, ndipo kusukulu mwana akangogwidwa akutafuna amadziwa yekha kuti lero kwacha molakwika.

Koma masamu ndi masamu. Atangoyamba kuyeza kukamwa kwa payipi yotulutsa mphepo, nkhope inasintha. Anafunsa kuti mphepoyo imathamanga bwanji, imatentha bwanji, pampu imafuna kuzungulira kangati pa mphindi. A Pailoti amayankha zina zoona zina zongopeka, Mayi Sopo amawagwira pomwepo ngati mwana wobera mayeso.

"Gudumu likhale lalikulu kuposa la mu tebo, kawiri ndi theka, kuti lisathamange ngati lamisala. Mapiko makumi awiri ndi limodzi. Lililonse lipendekeke chonchi, osati mmene mukuganizira inuyo, chonchi. Likapendekeka kwambiri mphepo ibwerera mu injini yanu nkuitsamwitsa."

"Eeh amayi, ndinakwatira bwino ine."

"Chotsani dzanja paphewa panga, lakuda. Ndipo ngakhale litero lizithamangabe kasanu kuposa mmene pampu ikufunira. Mupeze tcheni cha njinga yamoto, giya yaing'ono ku gudumu, yaikulu ku pampu, mano ake kasanu."

Lachiwiri anajambula mapiko pa katoni. Lachitatu kunabwera mchimwene wawo wa Mayi Sopo, wamng'ono, wowotcherera zitsulo, munthu wosalankhula zambiri koma woseka ndi mapewa. Anadula mapiko aja pa sinki yakale yachitsulo chosachita dzimbiri nkuwawotcherera limodzi limodzi, Mayi Sopo ataima pambali ndi choyezera chawo.

"Iwe, ili lapendama. Chotsa."

"Achemwali, ndi kadigiri kamodzi."

"Kadigiri kamodzi kamalepheretsa mwana mayeso. Chotsa."

"Alamu, mumakhala bwanji ndi munthu ameneyu?" mchimwene anafunsa a Pailoti.

"Ndimasamba kawiri alamu, basi tikumvana."

Kunja fungo limakulirakulira. Timadzi tija tinali titafika pa mtengo wa mango. Aneba anayamba kudutsa atagwira mphuno mochita kuonetsera, wina mpaka anafunsa pa mpanda ngati kwafa galu.

Lachinayi madzulo gudumu linatha, ndipo kunena zoona linali lokongola, lonyezimira ngati duwa lachitsulo. Mayi Sopo pobwera kusukulu analipeza pa tebulo la pakhonde, shafuti yake itagonekedwa pa mipeni yawo iwiri ya m'khitchini, yakuthwa kuyang'ana kumwamba. Mipeni yodulira nyama! A Pailoti anali atakhala pamenepo masaya ali tuu, chingamu paketi yonse mkamwa. Amazunguza gudumu pang'ono, kuliyang'ana, kutulutsa chingamu mkamwa ndi zala za girisi, kuchikoka chiii mpaka kaulusi kamalovu kulendewera, kudula ndi mano, kumata pa gudumu. Kenako anaona ngati chachuluka, anatsinako china pa gudumupo, chakuda bii, nkuchibwezera mkamwa.

Nkuchibwezera mkamwa!!

"Abambo! Mulungu wanga!"

"Amayi bwerani muone, apa ndikupanga zoti..."

"Sindikufuna kumva!"

"Iyayi tamverani, chingamuchi ndi..."

"Ndati sindikufuna kumva! Mukatha mutsuke mkamwa ndi sopo wochapira, ndipo mipeni imeneyo ndi yanu tsopano, ine sindidzaigwiranso."

Analowa m'nyumba chitseko phwaa. Akanangoima mphindi imodzi yokha anthuni. Imodzi yokha.

Lachisanu m'mawa a Pailoti analawirira kukatenga mapayipi aatali kwa mnzawo wina wothirira mbewu. Mayi Sopo akutuluka kupita kusukulu, atavala bwinobwino, diso linagwera pa gudumu lija. Gudumu lawo, la masamu awo, la madigiri awo. Linali ndi zibulu zisanu ndi ziwiri za chingamu, zotuwa, zina zili ndi zidindo za mano, nyerere zitazungulira ngati pamsonkhano, chimodzi chili ndi tsitsi la ndevu litaima njo. Anayesa kudutsa. Anafika mpaka pageti. Miyendo inakana.

Anabwerera, kuvala magolovesi, madzi otentha, sopo, waya wotsukira mapoto. Anapala chimodzichimodzi akuyang'ana kumbali, kukulunga mu nyuzipepala, kukataya kubini, kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Gudumu linawala mpaka kudzionera nkhope. Anapita kusukulu mtima uli mbee.

Cha m'ma 10 kunabwera mchimwene uja ndi makina ake. Anayang'ana gudumu, analitembenuza, anakweza mapewa, nkulimanga m'chibokosi chake kumbuyo kwa injini, kulumikiza tcheni, nkumapita. Madzulo a Pailoti anasuzumira m'chibokosimo ndi tochi nkuimba mluzu.

"Koma alamu ndi dolo. Sipakuoneka ndi pomwe agwira."

Mayi Sopo anamva ali m'khitchini, anangoti mumtima, dolo ndi sopo.

Loweruka 9 koloko zonse zinali m'malo. Injini anaikokera pafupi ndi thanki nkuimanga pa matabwa. Payipi yonenepa inalowa m'thankimo, ina yaitali yolumikizalumikiza ndi mawaya ndi malamba a chubu inadutsa pabwalo, pansi pa mango, kutuluka pageti mpaka kumsewu kumene wopopa uja amadikira ndi galimoto yake, akudya banzi lina. Matewera onse makumi atatu Mayi Sopo anali atawachapanso nkuwayanika kuti asewele adzaone kuyera kwake. Iwo anaima pakhonde, mpango kumphuno, nsapato zoyera.

Atatsegula chivindikiro chonse ndiye munthu unadziwa kuti fungo la sabata yonse lija linali moni chabe. Pamwamba pake panali chikhungu chokhuthala, chikuphulika timathovu, bwu, bwu, ngati chikupuma. Mchimwene uja anabwerera m'mbuyo maso akutuluka misozi.

"Alamu, mumadya chani pakhomo pano?"

"Funsani achemwali anu, ophika ndi iwowo."

"Yatsani chinthucho musanandikwiyitse!" anakuwa Mayi Sopo ali pakhonde.

A Pailoti anapopera mphepo ya kompuresa mu tebo, anatsegula gasi, kenako phuu! Moto unagwira. Kulira kunayamba pansipansi, wiiiii, kukwera, kukwera, mpaka mano kuchita kuyabwa. Agalu a dera lonse anayamba maliro. Ndiye mbeta ija inayamba kuzungulira! Tcheni chinagwira, pampu inakhosomola kawiri, payipi yaitali ija inafufuma nkuyamba kugunda ngati mtsempha. Kumsewu wopopa anakweza banzi m'mwamba kusonyeza kuti zafika.

Mayi Sopo anamwetulira kuseri kwa mpango. Madigiri awo amenewo.

A Pailoti chimwemwe chinawapitirira, anawonjezera gasi.

Apo ndiye chibokosi cha gudumu chinayamba kunjenjemera. Poyamba pang'ono, ngati foni ikulira pa tebulo. Kenako matabwa anayamba kuvina, gwedegwede, injini yonse nkumayenda yokha chammbali ngati nkhanu, ikukoka pampu, pampu ikukoka payipi. A Pailoti akuthamangira ku botolo la gasi, botolo nalo likuthawa. Ndiye polumikizira pamodzi, pansi pa mango penipeni, lamba wa chubu anati thaa.

Abale inu. Payipi inadzuka ngati njoka yolusa. Inalavula m'mwamba kupitirira denga, inalavula khoma, inatembenuka nkusesa chingwe chonse cha matewera kuyambira loyamba mpaka la makumi atatu, osasiya ndi limodzi lomwe, ngati ikuchonga kaundula kkkkkk. A Pailoti anatsegula kukamwa kuti akuwe kuti thimitsani, nthawi yolakwika zedi yotsegulira kukamwa. Mchimwene anadziponya kuseri kwa mgolo. Ndipo pomaliza, ngati imawasungira dala, payipi inayang'ana pakhonde.

Injini itazima kunangoti zii. Kumangomveka mtengo wa mango ukudontha, tho, tho, tho.

Mayi Sopo anaima pomwepo manja ali m'mbali ngati chowopsezera mbalame. Zinali zofunda. Chimene sadzaiwala ndi chimenecho, zinali zofunda. China chake chimatsetsereka pang'onopang'ono kuseri kwa khutu kulowera m'khosi ndipo analibe mtima wofufuza kuti nchiyani. Sanakuwe. Anangotseka maso nkunena motsitsa, "Madzi."

Mchimwene anawathira ndi payipi ya pampopi ali chiimire, zovala zili m'thupi, mapewa ake akugwedezeka.

"Ukaseka ndikuthira m'thankimo."

"Sindikuseka achemwali, ndikulira."

A Pailoti anali atagwada pa maluwa akusanza mpaka za dzana. Atapezako mpweya anatembenuka maso ali psuu.

"Alamu! Munawotcherera bwanji? Gudumu likulemera mbali imodzi ili!"

"Kuwotcherera chani? Ndinapeza mwamaliza kale."

"Wamaliza ndani? Ndinakuuzani pafoni, paliponse pali chingamu muchotse, muchiyeze pasikelo, muwotcherere kachitsulo kolemera chimodzimodzi pamalo pomwepo!"

"Panalibe chingamu alamu. Linali loyera ngati mbale ya alendo. Ndinati mwabwereka makina mwapanga nokha."

"Zibulu seveni! Maola atatu ndikutafuna mpaka nsagwada kuuma! Zinapita kuti?"

Onse awiri anayang'anana. Kenako pang'onopang'ono anatembenukira kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi amene angaone chingamu nkuchitsuka.

Mayi Sopo madzi akuchucha m'tsitsi anameza malovu, nkuzindikira kuti kumeza panopa si nzeru.

"Chinali ndi nyerere," anatero ndi kamawu kakang'ono.

"Amayi!"

"Chinali ndi ndevu zanu! Ndipo munthu wanzeru amayezera gudumu ndi malovu? Simukanalemba ndi choko?"

"Ndimati ndikuuzeni munati simukufuna kumva!"

Mayi Sopo anayang'ana wotchi, anaipukuta kaye, 10 koloko yadutsa. Thanki inali itangotsika pang'ono. Bwalo lonse, khoma, matewera, zonse zinali mtundu umodzi. Maola osakwana anayi asewele afika ndi zoyera zawo, ndipo mdzukulu akakulira kwina, kumakaphunzira kuseka kwina, iwo nkumapita kukamuona ngati mlendo atanyamula kajumbo ka zipatso. Anaganiza za kachipinda kaja ka makatani atsopano. Anapukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja.

"Iwe, masula gudumulo. Lapindika?"

Mchimwene anasuzumira. "Ayi lili bwino, mapiko onse alipo."

"Abambo, mipeni ija ili kuti? Bweretsani. Ndi chingamu."

"Chinatha Lachinayi. Ndipo ngakhale chikanakhalapo, ine mkamwa mwangamu sindiikamo kanthu mpaka chaka chamawa." Atangotero anatembenukiranso ku maluwa.

"Ine musandiyang'ane achemwali, mano anga ndi obowoka, mukudziwa."

Mayi Sopo anapuma kwambiri, nkunong'oneza bondo kuti apumiranji. Analowa m'nyumba akusiya mapazi pa simenti yawo yopolisha, anatsegula chikwama cha kusukulu, anatulutsa chitini. M'chitinimo munali chingamu chonse cholanda kwa ana temu yonse, chosatsegula, cha sitiroberi, cha minti, china chija chimadetsa lilime. Anabwera nacho pakhonde. Anasamba m'manja kanayi. Anasenda chimodzi, anachiyang'ana ngati mankhwala a malungo, nkuponya mkamwa.

Mayi Sopo. Kutafuna chingamu. Pakati pa fungo limenelo, ntchentche zikuchita phwando, shuga wa sitiroberi akusakanikirana ndi mpweya wa thanki pakhosi. Misozi imatsika koma nsagwada zimagwira ntchito, nyamu nyamu nyamu. Mchimwene anatulutsa foni.

"Ukajambula ulibenso mlongo."

Foni inabwerera m'thumba.

Anagoneka shafuti pa mipeni. Gudumu linagubuduka lokha nkuima mbali yolemera ili pansi. Apo mutu wa masamu unadzuka. A Pailoti Lachinayi amangomata mwachisawawa, apa, apo, mpaka zibulu seveni. Mayi Sopo analemba ndi choko pamene laima, analizunguza kanayi kuti atsimikize, anayeza ndi choyezera chawo mbali yoyang'anizana nayo ndendende, nkutulutsa chingamu mkamwa ndi zala ziwiri, nkhope itakwinyika ngati alawa ndimu, nkumata. Linapendamabe pang'ono. Chachiwiri. Chachiwiricho chinachuluka. Anatsinako kachidutswa, anakayang'ana, anayang'ana amuna awo.

"Bwezerani mkamwa amayi, ndi mmene timachitira."

"Ndifa kaye." Anakamata kunsi kwa tebulo.

Kunsi kwa tebulo!! A Pailoti ngakhale anali wofooka anaomba m'manja kkkkk.

Zibulu ziwiri zokha, mphindi makumi awiri, gudumu limaima paliponse ukalisiya. Anayeza chingamucho pa sikelo yawo ya makeke, ija salola munthu kuigwira, mchimwene nkudula tizitsulo tiwiri tolemera chimodzimodzi nkuwotcherera pa zizindikiro za choko. Anayesanso pa mipeni. Zii, osagwedezeka. Polumikizira payipi paja anamangapo ndi waya kasanu, Mayi Sopo anaimirira pomwepo mpaka anakhutira.

"Ndipo gasi ndigwira ine. Inu mumatengeka."

12 koloko injini inaliranso. Mbeta inazungulira mwaulemu ngati ikupita ku tchalitchi, matabwa osasuntha ndi pang'ono pomwe. Mayi Sopo dzanja pa botolo la gasi, diso m'thanki, ndipo atangoona kuti pansi payandikira anatseka msanga pampu isanayambe kukoka mphepo, poti gudumu lopanda katundu limathawa ndi liwiro. Thanki yonse inatha mphindi makumi anayi. Wopopa anabwera kudzaona makinawo, anagwedeza mutu, nkutambasula dzanja kuti awagwire chanza. Mayi Sopo anayang'ana dzanjalo, anadziyang'ana okha, nkungoligwira. Panalibenso chosiyana.

Kenako inali nkhondo. Ndowa, matsache, bulichi mabotolo anayi, laimu pabwalo ponse. Mchimwene amatsuka khoma, a Pailoti denga la khonde, matewera onse anawaponya mu mgolo nkuvindikira nkuubisa m'shedi. Mphepo yotentha ya injini ija inali itaumitsa kale theka la bwalo, kanthu kamodzi kabwino. Mayi Sopo anasamba katatu, sopo mmodzi wathunthu anathera pomwepo, anavala diresi ya maluwa nkudzithira perefyumu mpaka kutsokomola.

2 koloko yeniyeni geti linagogodwa. Asewele, zoyera kuyambira duku mpaka nsapato, kachikwama pamkono, mphuno ili m'mwamba ngati ikufufuza netiweki.

"Takulandirani asewele, lowani."

"Zikomo asewele. Kukununkhira ngati ku wodi kuno."

Anazungulira nyumba yonse. Anasuzumira m'bafa, anapititsa chala pa windo, anaima pa chivindikiro cha thanki nkununkhiza kawiri. Palibe. Anaona kachipinda ka mwana, nkhope inafewa pang'ono ngakhale anayesa kubisa. Kenako anati kukutentha m'nyumba, tikhale panja pamthunzi, nkukoka mpando okha kukaukhazika pansi pa mango.

Mango. Palibe anakumbukira kutsuka mango.

Mayi Sopo akuthira tiyi anakweza maso. Pamwamba penipeni pa duku loyera la asewele, pa tsamba lina, panali chinthu chikulendewera. Chonenepa kumunsi, chikutalika pang'onopang'ono, chikuwala padzuwa.

"Ndaona asewele, mwayesetsa," asewele amatero akutakasa shuga. "Ine ndimaganiza kuti mwina..."

Chinatalikanso.

"Asewele tasunthani kuno muone maluwa anga!" Anawakoka ndi mpando womwe, gwee, Mayi Sopo nkutsala ataima pamalo pomwe panali mpandopo.

Thapwa. Paphewa la diresi ya maluwa.

Mayi Sopo sanaphethire. Anamwetulira mano onse kuonekera, chinthucho chikuyenda kutsikira ku chigongono.

"Mbalame," anatero.

Asewele anaika kapu pansi. Anavala magalasi. Anayang'ana paphewapo nthawi yaitali, anayang'ana m'mwamba mu mtengo, anayang'ana a Pailoti amene amasuzumira pakona ya shedi nkhope ili yotuwa. Munthu wagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu sungamunamize pa nkhani imeneyi.

"Mbalame imeneyo ibwere ku chipatala ikapimidwe, ikudya mofanana ndi anthu." Anatsegula kachikwama, anatulutsa thonje ndi kabotolo ka sipiriti, nkuyamba kuwapukuta okha paphewa, mwaluso, osakwinya ndi mphuno yomwe. "Chikanagwera pa duku langa ichi. Ndaona."

"Asewele, ine..."

"Mtengowu muutsuke lero, tsamba lililonse. Chinthu chili m'shedimo chisalire mwana ali pano, anthu andiuza kuti chinamveka mpaka kumsika. Matewera ndibweretsa anga, enawo sindikufunsa kumene ali. Mwana abwere Lolemba."

Mayi Sopo anakhala pampando. Amafuna kuthokoza bwinobwino ndi mawu aulemu koma asewele anali akuwayang'anitsitsa kukamwa.

"Komanso asewele, lilime lanu labiriwira. Mwadya chani?"

Kuseri kwa shedi mchimwene uja anagwa pansi ndi mapewa ake, a Pailoti akupita kukatenga makwerero ndi ndowa.